Mankhwala Oletsa Zipatso Kupsa Msanga

Alimi ambiri amadandaula kuti akatumiza nthoci kapena matimati ku msika wa kutali, dengu limafika theka litaola kale. Dzuwa liri ndi mlandu wace, koma si lokha ai. Nthoci, mango, mapeyala ndi matimati zikayamba kupsa zimaturutsa mpweya wosaoneka ndi maso wochedwa ethylene. Mpweyawu ukafika pa cipatso caciwisi, naco cimayamba kupsa ndi kuturutsa wace, kotero kuti nthoci imodzi yakupsa ingathe kupsetsa mkoko wonse. Amai amene amavundika nthoci m'dzenje nafukizamo utsi amagwiritsa nchito mpweya womwewu, pakuti mu utsi muli ethylene.

Tsono akatswiri anafuna njira yougonjetsa. Poyamba anayesa potassium permanganate, mankhwala aja a mtundu wa maluwa a jakaranda amene ena a inu munawaona ku cipatala. Akawaika m'kathumba pakati pa nthoci zotsekeredwa bwino, amaononga mpweyawo usanagwire nchito. Asakhudze zipatso, ndipo sadyedwa.

Njira yocenjera koposa inapezeka ku America. Edward Sisler ndi Sylvia Blankenship a ku North Carolina State University anapeza kuti mankhwala ochedwa 1-MCP amatseka cipatso kuti cisamve ethylene. M'cipatso muli timalo tating'ono m'mene ethylene amalowa monga mfungulo m'loko. 1-MCP amayamba ndiye kulowamo, nakakamira momwemo. Ethylene akafika apeza potseka, ndipo cipatso cimakhala caciwisi kufikira citapanga timalo tina tatsopano. Boma la America linalola mankhwalawa pa maluwa m'caka ca 1999, ndi pa maapulo m'caka ca 2002. Amawafukiza pang'ono cabe m'cipinda cotseka ndithu, ndipo maapulo osungidwa pozizira amakhala olimba miyezi yambiri.

Pa nthoci sanacite bwino cotere. Zikalandira mankhwalawa zidakali zaziwisi kwambiri, zina zimapsa mwa mawangamawanga, khungu losakongola, ndipo wogula amazikana.

Mankhwala otere amafuna zipinda zotseka ndi ndarama, zimene mlimi wa kumudzi alibe. Koma inu mungathe kucepetsa mpweyawu popanda kugula kanthu. Polonga dengu cotsanimo cipatso ciri conse cakupsa kapena cophwanyika, cifukwa cobvulala cimaturutsa ethylene wambiri. Musasanganize matimati ofiira ndi aawisi, ndipo denguro liikeni pamthunzi pamene mphepo ipita.