Mwala wobiriwira wa pa chikho cha Messi usalowe m'madzi anu akumwa

Bwererani ku zithunzi za Lionel Messi atanyamula chikho cha mpira wa dziko lonse ku Qatar mu 2022, muzikulitse ndi zala. Kutsinde kwa golide uja kuli timizere tiwiri tobiriwira tozungulira chikhocho. Si penti ayi. Ndi mwala wotchedwa malachite, ndipo wakhala pamenepo kuyambira 1974, pamene chikho chomwe anapanga mmisiri wa ku Italy, Silvio Gazzaniga, chinaperekedwa koyamba.

Mwala womwewo mumaupeza pa matebulo a ogulitsa ziboliboli: mikanda, zibangiri, timazira, tinjovu. Masiku ano wadzadzanso pa TikTok ndi Instagram, komwe ena akuuchemerera kuti umachotsa minyama, umakoka ndalama, umatonthoza mtima wa amene chibwenzi chamuthera. Zimenezo aliyense akhulupirire mmene akufunira, ngakhale palibe umboni wa sayansi. Vuto layambira pa amene akulangiza anzawo kuti auviike m'botolo la madzi n'kumamwa.

Malachite ndi mwala wa kopa, mkuwa uja. Pa kulemera kwake, magawo pafupifupi 57 pa 100 ndi kopa weniweni, ndipo kubiriwira kwake kumachokera pomwepo, ngati dzimbiri lobiriwira lomwe limagwira waya wakale wa kopa. Umapangika madzi a mvula akalowa pansi n'kumadya pang'onopang'ono miyala ya kopa yomwe ili chapamwamba. Madziwo amadontha m'ming'alu n'kumasiya utoto wosanjikizana, wina woderako, wina wowala. Mukaudula mwalawo, mizere ija imaoneka ngati ya pa chitsa cha mtengo.

N'chifukwa chake akale akaona miyala yobiriwira pamtunda ankadziwa kuti pansi pali chuma. Ku Katanga, m'dziko la DR Congo, amisiri ankasungunula malachite m'ng'anjo zadothi n'kupanga mitanda ya mkuwa yomwe inkayenda ngati ndalama, azungu asanafike n'komwe. Ku Luanshya, m'dziko la Zambia, mbiri imati mu 1902 William Collier anawombera nyama yonga mphalapala, ndipo inagwera pa thanthwe lokhala ndi madontho obiriwira. Mgodi wa Roan Antelope unatenga dzina la nyamayo, ndipo migodi ya ku Copperbelt ndi yomwe inakokera agogo athu ambiri kukagwira ntchito kumeneko.

Anthu a ku Egypt wakale ankaupera n'kumadzola m'zikope. Mafumu a ku Russia ndiye anachita kuukonda mopitirira: ku Winter Palace mumzinda wa St Petersburg muli chipinda chotchedwa Malachite Room, chomalizidwa mu 1839, chokhala ndi nsanamira zobiriwira. Koma nsanamirazo si malachite yekhayekha mpaka m'kati. Amisiri ankacheka mwala wa kumapiri a Ural m'timapale topyapyala n'kumamata mwaluso kuti mizere ilumikizane. Migodi ya ku Ural inatha mphamvu, ndipo lero malachite wambiri wa pamsika akuchokera ku DR Congo, kumadera a Kolwezi, Likasi ndi Lubumbashi, komwe ambiri amakumba ndi manja m'maenje oopsa. Mkanda ukafika m'sitolo ya ku London kapena Johannesburg, mtengo wake sufanana n'komwe ndi zomwe wokumba uja analandira.

Tsopano za madzi aja. Kugwira kapena kuvala malachite wosalazidwa bwino kulibe vuto. Koma mwalawu sugwirizana ndi asidi: mukadonthezera mandimu kapena viniga, umayamba kudyeka n'kutulutsa kopa. M'mimba mwanunso muli asidi. Kopa wambiri m'thupi amachititsa nseru, kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo akachuluka amawononga chiwindi. Oopsa kwambiri ndi fumbi lake. Wosema amene akucheka kapena kupala malachite wouma popanda chotseka pamphuno akudzipweteka yekha. Odziwa ntchitoyi amadula akuthira madzi kuti fumbi lisauluke. Mwana wokonda kuika zinthu m'kamwa asapatsidwe mkanda umenewu.

Ndi mwala wofewanso. Pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa miyala, daimondi ali pa 10, pamene malachite ali pakati pa 3.5 ndi 4 basi. Mpeni umaukanda, ngakhale mchenga wa m'fumbi la pamsewu umauchotsa kunyezimira. Pa ndolo kapena mkanda wa m'khosi umakhalitsa. Pa mphete yovala tsiku ndi tsiku, yochapira, yokwerera minibasi, miyezi yochepa imakwana kuti ufifie. Ine ndingati mphete ya chinkhoswe ya malachite n'kungotaya ndalama.

Nanga mungadziwe bwanji kuti sanakupondeni? Abodza ndi ambiri, makamaka pa intaneti, ndipo nthawi zambiri amakhala pulasitiki kapena utomoni wothiridwa utoto. Choyamba unyamuleni. Weniweni amalemera modabwitsa, pafupifupi kanayi kuposa madzi a mlingo womwewo, ndipo mukamuika patsaya amazizira. Wabodza amapepuka n'kufunda msanga. Kenako yang'anani mizere. Ya weniweni imapindika, imapyapyala n'kunenepa, imapanga timaso, ndipo mitundu yake yonse ndi yobiriwira, kuyambira wowala mpaka woderatu. Mukaona mizere yakuda bii ngati ya mbidzi, yotalikirana mofanana pa mkanda uliwonse, bwezani. Pa chithunzi cha pa foni simungayeze kulemera kapena kuzizira, choncho pemphani vidiyo yojambulidwa padzuwa, mkandawo akuutembenuza.

Mukagula weniweni, musamuthire pafyumu kapena kusamba naye. Kansalu kofewa kouma n'kokwanira pomupukuta, ndipo posunga mukulungeni payekha, asakhudzane ndi makiyi kapena timiyala tina m'chikwama.