Tchuthi cha wophunzira unamwino: Katundu wokwana ndi wotani?

Sukulu zikatsekera, ophunzira ambiri amaganiza zokwera basi, kukadya nsima ya amayi ndi kugona mpaka dzuwa litakwera. Kwa amene akuchita kosi ya unamwino ndi uzamba, tchuthi chimabwera ndi mndandanda wakewake. Pali sapu ya phunziro lomwe silidayende bwino. Pali masiku a kuwodi omwe adatsalira chifukwa cha matenda kapena maliro. Pali maganyu oti fizi ikwane. Ndiye palinso kakosi ka pa intaneti komwe anzake akutumizirana pa WhatsApp, ati kali ndi satifiketi yaulere.

Zonsezi zimafuna masabata omwewo, ndipo wozichita ndi munthu mmodzi. Funso lomwe ophunzira ambiri amadzifunsa mochedwa, zinthu zitavuta kale, ndi lakuti: pa zonsezi nditenge ziti, ndisiye ziti?

Chifukwa chake nkhaniyi ndi ya Phalombe

Boma la Phalombe lili ndi anthu oposa 400,000 malinga ndi kalembera wa 2018. Lidakhala boma palokha mu 1998 litachoka pansi pa Mulanje, koma kwa zaka zoposa 20 lidalibe chipatala chachikulu cha boma. Ntchito imeneyo inkagwiridwa ndi chipatala cha mishoni cha Holy Family, kufikira mu 2022 pomwe chipatala cha John Chilembwe chidatsegulidwa.

Pa mishoni pomwepo pali sukulu ya anamwino ya Holy Family, imodzi mwa sukulu za pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM, monga zilili St Joseph's ku Nguludi, Mulanje Mission ndi Trinity ku Muona. Achinyamata ochokera m'maboma osiyanasiyana amabwera kudzaphunzira kuno, ndipo ana a ku Phalombe nawonso ali m'sukulu zina m'dziko muno.

Anthu akuno akudziwa kufunika kwa namwino popanda wowauza. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy adagumula midzi, misewu ndi milatho, ndipo chipatala chaching'ono cha Nkhulambe chidawonongeka. Nthawi yomweyo dziko linali likulimbana ndi kolera yemwe adayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Bungwe la WHO limati dziko limafunika madokotala, anamwino ndi azamba osachepera 4.45 pa anthu 1,000 alionse. Kuno kwathu, anamwino ndi azamba sakwana ngakhale mmodzi pa anthu 1,000.

Choncho wophunzira mmodzi akabwereza chaka kapena kuwididwa chifukwa adadzisenzetsa zambiri, oluza si iye yekha. Makolo omwe adagulitsa nandolo kapena mbuzi kuti fizi ipezeke aluza, ndipo mayi woyembekezera wa ku Nambazo adikira mzamba chaka china.

Kunja amati summer, kuno timati tchuthi

Ku America, sukulu zambiri zaukachenjede zimakhala ndi teremu yapadera m'miyezi yotentha ya Juni ndi Julaye. Wophunzira amasankha yekha maphunziro angati atenge, ndipo phunziro lomwe limatenga masabata 15 limapanikizidwa m'masabata 6 kapena 8. Alangizi akumeneko amakonda kuchenjeza kuti phunziro limodzi la teremu imeneyi limalemera ngati awiri.

Kwathu kuno ndondomeko ndi ina. Wochita dipuloma ya zaka zitatu sasankha maphunziro ngati akugula pamsika. Kalasi yonse imayendera limodzi. Koma masamu ake ndi omwewo. Ngati phunziro la kapangidwe ka thupi mudaliphunzira masabata 15 n'kulakwa, ndipo sapu ikubwera pakatha masabata atatu, ndiye kuti sabata iliyonse mukuyenera kubwereza zomwe mudaphunzira m'masabata asanu. Imeneyo payokha ndi ntchito ya tsiku lonse. Mukakhala ndi masapu awiri, katundu wawirikiza musanaike china chilichonse pamwamba.

Werengani maola, osati mtima

Cholakwika chomwe ambiri timachita n'kufunsa mtima kuti "kodi ndikwanitsa?" Mtima wa wachinyamata nthawi zonse umayankha kuti eya. Funsani kalendala.

Sabata ili ndi maola 168. Tiyerekeze kuti mukubweza masiku a kuwodi. Chotsani maola 49 ogona, asanu ndi awiri usiku uliwonse, omwe akatswiri a za tulo amati ndi ochepetsetsa kwa munthu wamkulu. Atsala 119. Chotsani 45 a kuwodi, masiku asanu. Atsala 74. Ngati mumagona kutali ndipo kupita ndi kubwera pa njinga kapena kabaza kumatenga maola awiri patsiku, chotsani 10. Kuphika, kudya, kutunga madzi, kusamba ndi kuchapa yunifolomu, tiike maola atatu patsiku, onse pamodzi 21. Kutchalitchi kapena kumzikiti ndi za pabanja, asanu. Atsala 38.

Tsopano onjezani geni kapena maganyu a maola 18 pa sabata. Mwatsala ndi 20, omwe sakukwana atatu patsiku. Ndipo amenewa si maola abwino. Ndi a usiku, mutaima tsiku lonse, miyendo ikuwawa, mwina magetsi athima. Sitinachotse a TikTok ndi mpira, omwe tonse tikudziwa kuti alipo.

Lamulo lomwe sukulu zambiri padziko lapansi zimagwiritsa ntchito limati ola limodzi la m'kalasi limafuna maola ena awiri owerenga pawekha. Mukaliika pa maola 20 aja, muona nokha kuti mpata ulipo wa phunziro limodzi lolemera, osati atatu. Manambala anu akhoza kusiyana ndi awa, koma alembeni papepala musanavomere chilichonse.

Choyamba n'chiti?

Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Njira yosavuta ndi kusanja zinthu potengera chomwe chingachitike mukazisiya.

Choyamba ndi chomwe chingakutsekereni njira. Sapu ili pamenepa. Mukailakwa, malamulo a sukulu yanu akhoza kukubwezani chaka kapena kukuchotsani. Werengani bwinobwino kabuku ka malamulo a mayeso, osadalira zomva kuhositelo. Dziwani kuti mwayi wolembanso ulipo kangati, komanso maphunziro angati omwe munthu amaloledwa kulakwa.

Chachiwiri ndi masiku a kuwodi ndi buku lomwe mumasainitsa mukachita ntchito pamaso pa namwino wokuyang'anirani. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi ndi lomwe limalembetsa mayeso a laisensi, ndipo popanda kulembetsedwa kumeneko simungagwire ntchito ya unamwino m'dziko muno. Kuti mufike pa mayeso amenewo, maola ndi ntchito zoikika ziyenera kukwana, kuphatikizapo chiwerengero cha amayi omwe mwawachiritsa pa uzamba. Izi sizithamangitsika. Mwana sabadwa chifukwa buku lanu latsala mizere itatu. Ngati zatsalira, zipatseni malo msanga.

Chachitatu ndi ndalama. Palibe chifukwa chonamizira kuti fizi, sopo ndi bandulo zimagwa kumwamba. Koma pali kusiyana pakati pa geni yomwe mungaiike Loweruka lokha ndi ganyu yomwe ikufuna inu tsiku lililonse. Yerekezani ndalama zomwe mupeze pa masabata anayi ndi fizi ya chaka chonse chobwereza. Nthawi zambiri ganyu imaluza.

Chomaliza ndi zoonjezera: makosi a pa intaneti, sukulu yoyendetsa galimoto, maphunziro a kompyuta. Ndi zabwino, ndipo zina zidzakuthandizani pofuna ntchito. Koma palibe satifiketi ya pa foni yomwe ingalowe m'malo mwa mayeso a khonsolo. Makosi amenewa adzakhalapobe chaka chamawa.

Tulo si ulesi

Pakati pa ophunzira pali kunyadira kwina kwa kusagona. Wina amati wawerenga mpaka 3 koloko m'mawa, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, ndipo 7 koloko ali pawodi. Kwa wophunzira wa zamalonda, mapeto a zimenezi ndi kusinza m'kalasi. Kwa wophunzira unamwino, mapeto ake akhoza kugwera munthu wina.

Kafukufuku wa ku Australia wa Drew Dawson ndi Kathryn Reid, yemwe adatuluka mu 1997, adapeza kuti munthu yemwe wakhala maso maola 17 amagwira ntchito mofanana ndi yemwe ali ndi mowa wa mlingo wa 0.05 peresenti m'magazi. Wina wa ku America wotsogoleredwa ndi Ann Rogers, wa mu 2004, adapeza kuti anamwino ogwira shifiti ya maola 12 ndi theka kapena kuposa amakhala pa chiopsezo cholakwitsa chochuluka pafupifupi katatu. Amenewa adali anamwino odziwa kale ntchito, osati ophunzira.

Ganizirani zomwe mumachita pawodi. Mankhwala a mwana amawerengedwa potengera kulemera kwa thupi lake. Kusuntha kadontho kamodzi pa nambala kumachulukitsa mlingo kakhumi. Mayi yemwe wangobereka akhoza kuyamba kutaya magazi mwakachetechete, ndipo amapulumuka ngati wina waona msanga. Kuwerenga madontho a diripi, kuona kuti kupuma kwa khanda kwasintha, kulemba zolondola pa fayilo, zonsezi zimafuna mutu wogona mokwanira. N'zoona kuti wophunzira amayang'aniridwa, koma pomwe namwino mmodzi akuona odwala ambirimbiri, maso anu nawonso amadaliridwa.

Nyengo nayo muiwerengere. Tchuthi chikagwa mu Okutobala kapena Novembala, kutentha kwa m'chigwa cha Phalombe kumafoola ngakhale munthu wamphamvu, ndipo kuwerenga masana m'nyumba ya malata n'kovuta. Chikagwa m'dzinja, mawodi a ana amadzaza ndi malungo, misewu ya kumidzi imaterera, ndipo kunyumba akufuna manja kumunda.

Kwa omwe ali kale pantchito

Funso lomweli limawapezanso anamwino omwe adamaliza dipuloma ndipo akufuna kukweza maphunziro mpaka digiri, kaya ku Kamuzu University of Health Sciences, Mzuzu University kapena Catholic University ku Nguludi. Amenewa katundu wawo ndi wina: shifiti, naiti, lokamu yoti ndalama zionjezereke, ana kunyumba, ndi abale omwe amaona kuti wa pantchito ndi iyeyo.

Langizo lake ndi limodzi: chinthu chatsopano chikalowa, china chituluke. Ngati mukukonzekera mayeso, mwezi umenewo lokamu ichepe. Kambiranani ndi okuyang'anirani za rosita nthawi ikadalipo, osati kutatsala masiku awiri. Kuchoka pa naiti n'kulunjika m'chipinda cha mayeso kumaoneka ngati kulimba mtima, koma ambiri amazindikira atatuluka kuti funso lomwe amalidziwa bwino adaliwerenga molakwika.

Zizindikiro zoti mtolo walemera

Thupi limachenjeza sukulu isanachenjeze. Mukuwerenga tsamba limodzi katatu osagwira kanthu. Mwayamba kuchedwa pawodi kapena kuiwala zomwe asisitala akutumani. Mukukalipira odwala kapena owadikirira pa zinthu zazing'ono. Mutu ukuwawa tsiku ndi tsiku, chakudya sichikukoma, mukudalira zakumwa zopatsa mphamvu kuti mukhale maso. Mwayamba kuganiza zopempha mnzanu akusainireni ntchito yomwe simudachite.

Chomalizachi n'choopsa kuposa zonse, chifukwa chikhoza kukuchotsetsani sukulu, ndipo ngakhale osagwidwa, tsiku lina mudzakhala nokha usiku pa chipatala chaching'ono ndi ntchito yomwe buku likuti mumaidziwa. Mukaona ziwiri kapena zitatu mwa zizindikirozi, tulani chinthu chimodzi sabata yomweyo. Ndipo ngati maganizo afika poti simukuonanso chifukwa chokhalira ndi moyo, uzani munthu lero lomwe: mphunzitsi, abusa, ansembe, shehe kapena wachipatala.

Kukana kumafuna mawu

Chovuta kwambiri si masamu a maola. Ndi kuuza anthu. Pachikhalidwe chathu, mwana wobwera ku tchuthi amayembekezeredwa kumunda, kuchigayo, kumsika wa Migowi kapena Chiringa, ndi kuona aliyense wodwala m'mudzi popeza "adokotala abwera". Kukana kumaoneka ngati sukulu yakulowa m'mutu.

Njira yabwino ndi kulankhula tsiku loyamba, momveka, ndi kupereka china m'malo mwake. Mwachitsanzo: "Amayi, ndili ndi mayeso pakatha masabata atatu, ndipo ndikalakwa ndibwereza chaka. Mundilole m'mawa ndiziwerenga, madzulo ndi Loweruka ndizigwira za pakhomo." Makolo omwe akuvutika ndi fizi amamvetsa msanga akauzidwa mtengo wa kubwereza.

Kusukulu nakonso pitani msanga. Funsani aphunzitsi kuti ndi mitu iti yomwe idakugwetsani, komanso ngati masiku a kuwodi angaikidwe sapu ikadutsa. Pezani mnzanu mmodzi kapena awiri omwe adakhoza phunzirolo kuti muzifunsana mafunso, ngakhale pa foni. Kuyankha mafunso a mayeso akale kwa ola limodzi kumapindulitsa kuposa kuyang'ana manotsi maola atatu.

Musanalongedze chikwama, tengani pepala. Lembani zonse zomwe mukufuna kuchita pa tchuthichi, maola omwe chilichonse chikufuna, ndi chomwe chingachitike mukachisiya. Siyani tsiku limodzi pa sabata lopanda kanthu, chifukwa maliro, malungo ndi kuthima kwa magetsi sizipempha chilolezo. Zomwe sizikukwana pa pepalalo sizidzakwananso m'sabata, ndiye zisungireni tchuthi chinacho.