Chimene Chimagunditsa Ng'oma

Ng'oma yomveka bwino imatulutsa mawu aŵiri: kuphulika kwakufupi pamene dzanja lafika pachikopa, ndi kugunda kwakuya kotsatira. Oimba ng'oma kumidzi, monga ku Midzemba m'boma la Neno, amazidziŵa zimenezi. Chikopa chikalefuka ndi chinyezi amachiŵamba pamoto kuti chikungike, ndipo pakati pake amamatapo phula, limene kulemera kwake kumatsitsa liwu.

Okonza nyimbo pa kompyuta amafuna zomwezo. Makina a Roland TR-909, amene anatuluka mu 1983, amayambira liwu pamwamba nkuligwetsa msanga, khutu nkumva ngati chikopa chamenyedwadi. Wokonzayo amachepetsanso besi kwa kamphindi ng'oma ikamagunda, pakuti mawu akuya aŵiri akamvekera limodzi amaphimbana, ng'omayo nkumamveka ngati ikulirira kutsidya kwa mtsinje.