Mathithi a Kapichira: M'mene Madzi Amasemera Thanthwe

Inu amene munafikako ku Kapichira m'boma la Chikwawa munaona kuti madzi a Shire satsika pa phompho limodzi ai. Amagwa apa, napuma pa dziwe, nagwanso patsogolo, monga munthu wotsika pa makwerero. Kodi makwerero ameneŵa anawasema ndani?

Kalekale nthaka ya ku chigwa cha kumunsi inatitimira, ndipo dziko la kumtunda linatsala pamwamba. Nchifukwa chake kuchokera ku Matope kufika ku Chikwawa mtsinjewu umatsika pafupifupi mamita 400, kudzera pa Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira. Pa Kapichira pomwepa mpamene sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira mu 1859.

Madzi paokha alibe mano. Mano ake ndi mchenga ndi nsangalabwi zimene anyamula. Thanthwe silikhala lolimba mofanana ponseponse. Pamene pali ming'alu kapena mwala wofeŵerapo, mchenga umapala msanga; pamene pali polimba, thanthwe limakana, nilitsala ngati khonde. Kamwala kakaloŵa m'kadzenje kamazunguzidwa ndi madzi, nkumasinja ngati munsi mu mtondo. Pansi pa mathithi dziwe limanka likuya, madzi nafukula kunsi kwa khondelo kufikira litagumuka. Motero mathithi amabwerera cham'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo paliponse pamene mtsinje wapeza mwala wolimba pamatsala khwerero.

Ntchito imeneyi inatenga zaka zikwizikwi. Koma mchenga wambiri umene Shire wasenza masiku ano ndi nthaka ya m'minda mwathu, yokokoloka pa mapiri amene tawameta mpala. Matope ake amakwirira madamu a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Otsalawo amakakhazikika ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene madzi amayenda mwaulesi; mtsinje ukadzala mchenga, mvula ikagwa madzi amathaŵira m'midzi. Mu Januwale 2022 madzi a namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo dziko lonse linavutika ndi kuzima kwa magetsi.

Tsono abale anga, ngati mchenga ukutha kudya thanthwe, nanga munda wopanda mtengo ungalimbe bwanji? Limani mizere yopingasa, bzalani mitengo ndi udzu m'mbali mwa mitsinje, ndipo lekani kulima m'gombe mwenimweni. Inu a kumtunda kumbukirani kuti nthaka imene yachoka m'munda mwanu chaka chino ikagona pa khomo la mbale wanu ku Nsanje.