Mamendulo a Agogo Si Malonda

Ku America kuli anthu amene amasakasaka yunifolomu ndi zishalo za asilikali akale okwera pa akavalo, namazigula pa mtengo wokwera. Ifenso tiri nazo zathu.

Kuyambira m'chaka cha 1902 anyamata ambiri Achiyao ankalowa usilikali wa King's African Rifles, ndipo ena anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944. Mamendulo, malamba ndi zisoti zawo zidabwera m'tauni ndi adzukulu. Lero zikungowonongeka m'masutikesi ku Ndirande, Bangwe ndi Limbe.

Abale, tisazigulitse. Mamendulo a nkhondo ya 1914 ali ndi dzina ndi nambala ya mwini wake m'mphepete. Tikopere zimenezi m'kope, tikafufuze mbiri ya gulu lake ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, ndipo tiwauze ana athu.