Kodi mumadziwa? Dzina la bambo ndi magazi a kuchimuna

Kodi mumadziwa kuti...

...mwamuna aliyense amatenga kromozomu yotchedwa Y kwa bambo ake okha, ndipo iye amaipatsiranso ana ake aamuna ili pafupifupi momwemo? Ku Britain ndi ku Ireland dzina la banja lakhalanso likutsata kuchimuna kwa zaka mazanamazana. N'chifukwa chake amuna a dzina limodzi amapanga magulu, n'kuyezetsa DNA kuti aone ngati anachokera kwa kholo limodzi.

...akazi alibe Y? Mayi wofuna kufufuza za kuchimuna kwawo amapempha bambo ake, mlongo wake kapena m'bale wamwamuna wa bambo ake kuti ayezetse m'malo mwake. Malume sangathandize pamenepa, chifukwa Y yawo inachokera kwa agogo obereka mayi.

...poyezetsa satenga magazi? Munthu amangopukuta m'kati mwa tsaya ndi kathonje n'kutumiza ku labotale. Kampani ya FamilyTreeDNA ya ku Houston, yomwe Bennett Greenspan anaikhazikitsa mu 2000, imayeza malo 37 kapena 111 pa Y, ndipo imasunga magulu masauzande a mayina osiyanasiyana.

...zotsatira zake ndi mndandanda wa manambala basi? Pa malo alionse oyezedwa pali kachidutswa ka DNA kobwerezabwereza, ndipo nambala imanena kuti kabwerezedwa kangati. Woyang'anira gulu amandandalika manambala a munthu aliyense pambali pa dzina la kholo lakale kwambiri lomwe munthuyo akulidziwa, n'kuika pamodzi ofanana. Amuna awiri a dzina limodzi akafanana pa malo 36 mwa 37, kawirikawiri kholo lawo limakhala la m'mibadwo yapafupi. Koma kufanana pa malo 12 okha si umboni wokwanira, pakuti amuna ambirimbiri osadziwana amafanana choncho chifukwa cha kholo la zaka masauzande zapitazo.

...Bryan Sykes wa ku yunivesite ya Oxford anayesa njirayi pa dzina lake lomwe? Mu 2000 anafalitsa zomwe anapeza atayeza amuna 48 otchedwa Sykes, dzina lofala ku Yorkshire. Pafupifupi theka la iwo anali ndi Y yofanana, kusonyeza kuti anachokera kwa mwamuna mmodzi wa zaka mazana angapo zapitazo.

...dzina ndi magazi nthawi zina zimasiyana njira? Mwana wopeza akhoza kutenga dzina la bambo womulera, mwana wobadwa kunja kwa ukwati akhoza kutenga la mayi, ndipo mabanja osagwirizana konse akhoza kutchedwa Smith chifukwa makolo awo onse anali osula zitsulo. Ngakhale mafumu sapulumuka. Mafupa a mfumu Richard III ya ku England anapezeka mu 2012 pansi pa malo oimikapo magalimoto ku Leicester. DNA ya kuchikazi inagwirizana ndi ya achibale ake amoyo, koma Y sinagwirizane ndi ya amuna omwe mabuku amati ndi a mzera wake. Penapake m'mibadwomo panali bambo wina yemwe sanalembedwe.

...Y imaloza banja koma siitchula munthu? Mu 1998 kafukufuku anapeza kuti mdzukulu wina wa Eston Hemings, mwana wa kapolo Sally Hemings, anali ndi Y ya banja la Thomas Jefferson, pulezidenti wachitatu wa United States. Popeza Jefferson sanasiye mwana wamwamuna wa mu ukwati, ofufuzawo anayeza zidzukulu za Field Jefferson, m'bale wa bambo ake a Thomas. DNA inatsimikiza kuti bambo wa Eston anali wa banja la Jefferson, koma kunena kuti anali Thomas kunadalira zolembedwa za pa munda wake wa Monticello.

...mu 2007 akatswiri a ku yunivesite ya Leicester anapeza Y ya kumadzulo kwa Africa mwa azungu ena a dzina limodzi lochokera ku Yorkshire? Eni akewo sankadziwa n'komwe za kholo lachiafrika.

...kafukufuku wa mu 2000 anapeza kuti amuna ambiri a mtundu wa Lemba wa ku Zimbabwe ndi South Africa ali ndi Y yochokera ku Middle East? Izi zinagwirizana ndi zomwe akuluakulu awo akhala akusimba, zoti makolo awo aamuna anachokera kutali kumpoto.

...kwa Achewa njirayi ingafotokoze mbali imodzi yokha ya chibale? Mbumba, ufumu ndi malo zimatsata kuchikazi, pomwe Y sidutsako. Komanso anthu ambiri amalembetsa dzina la bambo kapena la agogo ngati dzina la banja, motero limasintha pakangodutsa mibadwo iwiri kapena itatu. Mfunda ngati Phiri kapena Banda ndi wa anthu ochuluka zedi m'Malawi, Zambia ndi Mozambique, choncho musayembekezere kuti a Phiri onse angakhale ndi Y imodzi. Wofuna kutsata mzera wa mayi ayezetse DNA ya mitochondria, yomwe mayi amapatsira ana ake onse, koma ana aakazi okha ndiwo amaipititsa kwa ana awo.