"Ulipo?" "Ndilipo!" Nkhani ya makompyuta osagona

Ana inu a ku Shikabeta, ndi anzanu onse amene mumawerenga tsamba lino, lero tiyamba ndi funso. Amalume anu ali ku Lusaka, ndipo atumiza ndalama pa foni pakati pa usiku, tambala woyamba asanalire. Foni ya amayi yalira kumutu kwa mphasa: ndalama zafika. Kutacha, amayi apita pa kanyumba ka Airtel Money kapena ka MTN, ndipo awawerengera makwacha awo m'manja. Kodi usiku uja ndani anali maso? Ndani analemba kuti ndalama zachoka kwa amalume, zalowa kwa amayi?

Ndalamazo sizinakwere basi, sizinadutse pa Chongwe, sizinayende mu msewu wa Great East. Zinangolembedwa m'buku. Bukulo si la mapepala ayi, lili m'kati mwa kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene imakhala m'chipinda chozizira kutali ndi kwathu kuno. Foni ndi mthenga chabe. Mwini buku ndi seva.

Tsono taganizani izi. Seva yachotsa ndalama kwa amalume. Isanalembe kwa amayi, pakatikati pomwepo, yazima. Amalume alibe ndalama, amayi sanalandire. Zapita kuti? Funso limeneli linkasowetsa tulo anthu a m'mabanki zaka 50 zapitazo, pamene makina otulutsa ndalama a ATM ankayamba kufala. Makompyuta ambiri a nthawi imeneyo anali ndi bongo umodzi wokha, umene timautcha pulosesa. Bongowo ukafa, zonse zaima, ndipo anthu ankadikira mpaka wokonza abwere.

Ku California, m'dziko la America, kunali bambo wina wochokera ku Texas, dzina lake Jimmy Treybig. Anagwirapo ntchito ku kampani ya Hewlett-Packard, imene ambiri amaidziwa ndi zilembo ziwiri zija, HP, zolembedwa pa makina osindikizira mapepala. Bamboyu anaona kuti mabanki akulira, koma palibe amene akuwagulitsa kompyuta yopangidwira kusazima. Mu 1974 anayambitsa kampani yake m'tauni ya Cupertino pamodzi ndi anzake atatu, Mike Green, Jim Katzman ndi Jack Loustaunou. Ndalama zoyambira zinachokera ku kampani ya Kleiner Perkins, imene ntchito yake ndi kuika ndalama m'makampani ongobadwa kumene. Dzina anasankha lakuti Tandem. M'Chingerezi mawuwa amanenanso njinga yaitali ya zishalo ziwiri, imene anthu awiri amapalasa pamodzi, wina kutsogolo, wina kumbuyo.

Apa ndiye pamene ndimawakondera anthu amenewa. Sanayese kupanga chitsulo chosawonongeka, pakuti chitsulo chotero kulibe. Anavomera kuti waya amaduka, pulosesa imapsa, chosungira zolembedwa chimafa. Funso lawo linali lakuti: chikafa chimodzi, ntchito ipitirire bwanji?

Inu mukudziwa kale yankho lake, chifukwa mumalinda minda. Chimanga chikayamba kukhwima, anyani masana, nguluwe usiku, munthu mmodzi pa chilindo sakwanira. Tulo tikamuba, m'mawa mupeza mapesi okhaokha. N'chifukwa chake mumakhala awiri, wina kumtunda kwa munda, wina kumunsi, ndipo mumaitanizana. "Ulipo?" "Ndilipo!" Mukaitana kawiri osamva yankho, mumadziwa kuti mnzanu wagona kapena wadwala, ndipo mumathamangira kukalinda mbali yakenso.

Kompyuta ya Tandem inkachita chimodzimodzi. M'kati mwake munali mapulosesa awiri kapena kuposerapo, mpaka 16, ndipo iliyonse inali ndi pokumbukira pakepake, yosabwereka kwa inzake. Pa sekondi iliyonse, pulosesa iliyonse inkatumiza kauthenga kwa zinzake zonse kakuti ili moyo. Ikangokhala chete, zinzake zinkaitenga kuti yafa, n'kunyamula ntchito yake. Njira yodutsa mauthengawo, imene anaitcha Dynabus, inalinso iwiri, kuti ina ikaduka ina itsale. Magetsi ankalowera mbali ziwiri. Chilichonse cholembedwa chinkatha kulembedwa pa zosungira ziwiri nthawi imodzi, ngati mwana wokopera notsi m'makope awiri kuti lina likanyowa ndi mvula lina likhalepo.

Koma kudziwa kuti mnzako wagwa n'kosakwanira. Uyeneranso kudziwa pamene analekezera. Tinene kuti achimwene anu akuwerenga matumba a chimanga okwezedwa pa lole, ndipo inu mwaima pambali. Iwo akuwerenga mokweza: "Makumi awiri! Makumi awiri ndi limodzi! Makumi awiri ndi awiri!" Mwadzidzidzi agogo awaitana. Kodi mutsitsa matumba onse kuti muyambirenso? Iyayi. Munkamva, ndiye mungopitiriza: "Makumi awiri ndi atatu!" Mu Tandem, ntchito iliyonse yofunika inali ndi mapasa: wina akugwira ntchito mu pulosesa iyi, mnzake akumvetsera mu pulosesa ina. Wogwirayo akafika pofunika, ankauza mnzake pamene wafika. Pulogalamu yaikulu yoyang'anira zonsezi inkatchedwa Guardian, kutanthauza mlonda.

Makinawo anawatcha NonStop, ndiko kuti osaima. Oyamba anagulidwa ndi banki ya Citibank mu May 1976, ndipo mu 1977 kampaniyo inayamba kugulitsa masheya ake kwa anthu. Mabanki, misika ya masheya ndi makampani a telefoni anathamangira makina amenewa. Chokoma china chinali chakuti wokonza ankatha kusolola chiwalo chakufa n'kulowetsa chatsopano kompyuta ikugwirabe ntchito, ndipo munthu woima pa ATM sankadziwa n'komwe kuti kwachitika kanthu.

Bambo Treybig ankasamalanso antchito awo mwa njira imene inkadabwitsa anthu. Lachisanu lililonse madzulo, mabwana ndi antchito wamba ankasonkhana pamodzi kucheza, kuti wopanga makina amve zimene wogulitsa akudandaula. Pa kampanipo panali dziwe losambira. Wantchito akakwanitsa zaka zinayi ankapatsidwa tchuthi chapadera cha masabata asanu ndi limodzi, malipiro ake osadulidwa.

Sipanatenge nthawi kuti wopikisana ndi Tandem atulukire. Mu 1980, ku Massachusetts, mbali ina ya America, Bill Foster anayambitsa kampani ya Stratus, ndipo iye anaganiza mosiyana. Tiyerekeze kuti aphunzitsi apereka samu imodzi kwa ana anayi, okhala awiriawiri, ndipo onse akulemba mzere uliwonse pa nthawi imodzimodzi. Awiri a pa desiki yoyamba amayerekeza mayankho awo pa mzere uliwonse, a pa desiki yachiwiri chimodzimodzi. Awiri akangosiyana, amadziwa kuti mmodzi walakwa ngakhale sakudziwa kuti ndi ndani, ndiye onse awiri amaika mapensulo pansi. A desiki inayo sanaime n'komwe, amangopitiriza. Makina a Stratus ankagwira ntchito chotero: mapulosesa anayi kuchita ntchito ya imodzi. Zinkadya zitsulo zambiri, koma olemba mapulogalamu sankavutika ndi kuphunzitsa mapasa kuuzana pamene afika. Nzeru imeneyi inakoma moti kampani yaikulu ya IBM inkagula makina a Stratus n'kumawagulitsa m'dzina lake, System/88.

Tsopano ndikuuzeni za munthu amene ndikufuna kuti musamuiwale. Ku Tandem kunali katswiri wina, Jim Gray. Iye sanakhutire ndi kumva kuti makina awo saima. Ankadziwa kuti nthawi zina amaima ndithu, ndipo anafuna kudziwa chifukwa chake. Anasonkhanitsa malipoti a makasitomala onena za kuzima kwa makina, nawawerenga limodzilimodzi, ndipo mu 1985 analemba zimene anapeza. Mukuganiza kuti wolakwa wamkulu anali ndani? Chitsulo? Ayi. Mwa kuzima 100 kulikonse, pafupifupi 18 kokha n'kumene kunachokera ku zitsulo. Pafupifupi 25 kunachokera ku zolakwika za m'mapulogalamu. Gawo lalikulu koposa, pafupifupi 42, linachokera kwa anthu osamalira makinawo: wokonza wasolola chiwalo chamoyo m'malo mwa chakufa, woyang'anira walemba lamulo lolakwika. Kulemba zimenezi poyera kunafuna mtima, pakuti anali kuulula zofooka za pa kampani yake yomwe. Koma anthu opanga makompyuta padziko lonse anaphunzirapo, nayamba kupanga makina osavuta kuwasamalira.

Gray anafotokozanso chinthu china chodabwitsa. Zolakwika zambiri za m'mapulogalamu n'zamanyazi. Zimatuluka kamodzi, zinthu zingapo zikangokumanizana mwangozi, ndipo ukabwereza ntchito yomweyo sizionekanso. Ndiye chifukwa chake mapasa aja ankapulumutsa ntchito ngakhale onse anali ndi pulogalamu imodzi: woyamba wapunthwa, wachiwiri wadutsa pomwepo osapunthwa. Mu 1998 Jim Gray analandira mphoto ya Turing, imene ndi yaikulu koposa kwa akatswiri a makompyuta. Mu January 2007 anapita yekha panyanja ndi bwato lake kuchokera ku San Francisco, ndipo sanabwererenso. Anzake anamufunafuna kwa masiku ambiri, mpaka pa zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, koma sanamupeze.

Nanga kampani ija inathera kuti? Makompyuta wamba anayamba kutsika mtengo ndi kukula mphamvu, ndipo Tandem inayamba kupanikizika. Bambo Treybig anatula pansi udindo wawo mu 1996. Mu 1997 kampani ya Compaq inagula Tandem ndi ndalama pafupifupi madola 3 biliyoni. Mu 2002 Compaq nayo inamezedwa ndi HP. Mwaona kuzungulira kwake? Mwana amene anachoka pakhomo pa HP anabwerera pakhomo pomwepo patatha zaka pafupifupi 30. Mu 2015 HP inagawika pawiri, ndipo makina a NonStop anapita ku mbali yotchedwa Hewlett Packard Enterprise, kumene akupangidwabe mpaka lero. Stratus nayo inasinthasintha eni: inagulidwa ndi Ascend Communications mu 1998, ndipo itadutsa m'manja ena angapo, mu 2022 inagulidwa ndi SMART Global Holdings.

Dzina la Tandem simudzalionanso pa chikwangwani, koma nzeru ya kulinda awiriawiri inafalikira kulikonse kumene kompyuta imasunga ndalama za anthu. Kuno ku Zambia kuli njira yotchedwa National Financial Switch, imene imalumikiza mabanki ndi makampani a ndalama za pa foni, kuti khadi la banki imodzi ligwire ntchito pa ATM ya banki ina. Ntchito yotere siyenera kugona, Loweruka kapena Lamlungu, dzinja kapena chilimwe. Ndipo pali lamulo limodzi limene Jim Gray anathandiza kulikhazikitsa bwino, limene limayankha funso lathu loyamba lija: kuchotsa kwa amalume ndi kulemba kwa amayi kumawerengedwa ngati ntchito imodzi. Ichitike yonse, apo ayi ifafanizidwe yonse, ndalama zibwerere kwa amalume. Theka lokha n'losaloledwa.

Musasokoneze zinthu ziwiri. Foni ikasowa netiweki kuseri kwa phiri, si seva imene yazima. Ndi mthenga amene walephera kudutsa. Buku lili bwinobwino, ndipo mukakwera pachulu pamene netiweki imagwira, uthenga wanu muupeza.

Mawa pa nthawi yopuma kusukulu, yesani masewera awa. Khalani atatu. Woyamba aziwerenga timiyala 60 mokweza, ndipo pa timiyala tisanu tilitonse azinena kuti "Ndilipo!" Wachiwiri atembenukire kumbali, azingomvetsera. Wachitatu, pa nthawi imene wafuna, agwire phewa la wowerengayo, ndipo wogwidwayo atseke pakamwa pomwepo. Womvetsera atembenuke n'kupitiriza kuwerenga kuyambira pamene anamva komaliza. Mukamaliza, werengani timiyalato nonse pamodzi, muone ngati pali kamene kadumphidwa kapena kawerengedwa kawiri. Kenaka bwerezani, koma wowerenga azinong'ona, ndipo muone chimene chichitike.